Ankanditama kuti ndine wofatsa, pomwe anali mantha

M'nyumba imene muli nkhanza mumatuluka ana a mitundu iwiri, koma anthufe timaona mtundu umodzi wokha. Timaona wandewu, woyankha akuluakulu mwamwano, wothawa kusukulu, amene akakula amalowerera ndi mowa. Ameneyu aliyense amamukamba. Wina uja satchulidwa chifukwa savutitsa munthu. Amadzuka yekha m'mamawa, amatsuka mbale asanauzidwe, ndipo akalakwiridwa ndiye amayamba kupepesa. Timamutama, n'kumauza ana athu kuti azitengera chitsanzo chake. Ine ndinali mwana wachiwiriyu, achimwene anga anali woyambayo, ndipo tonse tinakulira nyumba imodzi ku Chiputula muno mu Mzuzu. Ndinachita kupitirira zaka 30 ndisanadziwe kuti kufatsa kwanga ndi ukali wa achimwene zinachokera kumodzi.

Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu. Bambo anabwera kumpoto kuno kudzacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo ife tinabadwira konkuno. Mayi anamwalira mu 1997 ine ndili sitandade 3, atadwala nthawi yaitali matenda amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndiye ana ambiri a msinkhu wanga amene makolo athu anadwala chaka chimenecho chisanafike tinathera m'manja mwa abale. Maliro atatha bambo anapita ku Joni, monga amachitira amuna ambiri a kuno. Anatumiza bulangete ndi kalata, kenako zii. Azakhali ndiwo anatitenga.

Sindikufuna kuti muwaone azakhali ngati munthu woipa mtima. Anali ndi ana awo anayi, ankagulitsa tomato ndi usipa mumsika, ndipo nawonso ankamenyedwa. Amene ankagwedeza nyumba anali amuna awo, omwe tinkawatchula amalume. Akakhala kuti sanamwe anali munthu wachete, woti ankatha kukonza wailesi ya neba osalipiritsa. Akamwa ankasanduka wina. Chovuta kwambiri n'chakuti panalibe wodziwa kuti lero abwera ali uti.

Ndinaphunzira kudziwa mmene usiku uthere pongomva njinga yawo. Akaitsamiza bwinobwino kukhoma, ndiye kuti tidya pamtendere. Ikagwa pansi, ndinkadziwa zochita: kuchotsa mpeni ndi mbale zadothi poonekera, kuchotsa mphika pambaula, kulowetsa ana aang'ono kuchipinda, ine n'kukhala phee pakona. Ndinkayang'ana nsagwada zawo, mmene akupumira, mmene akuvulira nsapato. Mwana wa zaka 9 anafika podziwa nkhope ya munthu wamkulu kuposa buku la kusukulu. Ndinaonanso kuti ntchito ikagwirika isanafunsidwe, mpata wokalipidwa umachepa. Choncho mu Juni ndi Julaye, chifunga chili tolo ndi kuzizira kwa kuno kolowa m'mafupa, ine ndinali nditabwera kale kumpopi anzanga asanatuluke m'mabulangete. Chakudya ife amasiye tinkadya pomaliza. Pa njala ya 2002, pamene tinkagona pamzere ku ADMARC ndipo madeya anasanduka chakudya cha anthu, ndinayamba kubisa mkute m'kansalu kuti mawa ndisadzapemphe.

Achimwene, amene amandiposa zaka zitatu, anatenga njira ina. Amalume akakweza mawu nawonso ankakweza. Ankawauza maso ndi maso kuti "Inu si bambo anga," ndipo ankakwapulidwa ndi mphira womangira katundu panjinga mpaka msana kuchita mizeremizere. Ali ndi zaka 15 anachoka pakhomo n'kumakagona kudepoti, akunyamulira anthu katundu. Achibale anati mwanayo ngosamva, anatengera bambo ake. Za ine amayi a kutchalitchi ankati, "Uyu ndiye mwana waulemu, adzamanga banja." Palibe amene anadzifunsa kuti mwana wosalira, wosapempha, wosasewera, akuganiza chiyani.

Ndinaphunzira utelala, ndinakwatiwa ndi mwamuna amene sanandikwezerepo dzanja, ndipo ndili ndi kashopu kanga chakufupi ndi msika wa Zigwagwa. Woonera patali anganene kuti zonse zinatha bwino. Koma tamvani mmene ndinkakhalira. Kasitomala akabwera ndi nsalu Lachinayi kuti akufuna diresi la ukwati wa Loweruka, ndinkavomera ngakhale tebulo litadzaza ndi mayunifolomu a sukulu, kenako n'kuchezera pamakina usiku wonse. Mawu akuti ayi ankathera pakhosi. Ngongole zinali mbwee, ndipo ndikaona wangongole pamsewu ndine ndinkakhota njira, kuopa kuti achita manyazi n'kundikwiyira. Msoko ukapindika pang'ono, ngakhale pamalo oti mwiniwake sakanaona n'komwe, ndinkaumasula wonse. Munthu akayamikira ntchito yanga sindinkasangalala. Ndinkadikira chotsatira, chifukwa kwa azakhali mawu okoma ankabwera kutsogolo kwa chinachake.

Kunyumba bambo a ana akangokhala chete pochokera kuntchito, ine ndayamba kale kufufuza m'mutu kuti ndalakwa chiyani. Mchere wachepa? Ndinayankha molakwika m'mawa? Iwo ankadabwa n'kufunsa, "Mayi, mukupepesanso chiyani apa?" Ndinkabisa ufa ndi shuga pansi pa bedi pomwe m'nyumba muli chakudya chokwanira. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo thupi lonse linkadzidzimuka. Uthenga wa imfa ya bambo utafika kuchokera ku Joni sindinagwetse msozi, anthu n'kumati ndine wolimba mtima. Thupi ndilo linkalira m'malo mwanga: mutu, m'mimba kuotcha, mtima kuthamanga pakati pa usiku, tulo kusowa. Kuchipatala ankayeza malungo, BP ndi shuga, zonse zili bwino.

Amene anandidzutsa ndi mwana wanga woyamba, wamkazi. Ali ndi zaka 7 anayamba kumandifunsa pafupipafupi, "Amayi, mwakwiya?" Ine ndikungosoka kapena kuganiza za lendi, iye ali pakhomo kundiyang'anitsitsa kumaso. M'nyumba mwathu simumenyedwa munthu. Koma mwanayu ankaona mayi wodzidzimukadzidzimuka, wotonthola mwadzidzidzi, wonong'oneza ana kuti akhale chete bambo akamalowa, ndipo anamva kuti pali choopsa chimene iye sakuchiona. Mayang'anidwe amenewo ndinawazindikira msanga, chifukwa anali anga.

Nditapitanso kuchipatala ndi mutu womwewo, a dokotala ena anandifunsa mmene ndimagonera ndi zimene ndimaganiza usiku, ndipo ananditumiza ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo. Anthu a mu Mzuzu mukudziwa zimene timanena tikamva kuti wina wapita kumeneko, timati wazungulira mutu. Mawu amenewo anandichedwetsa. Koma kumeneko amathandizanso anthu ankhawa, okhumudwa, ofuna kusiya mowa kapena chamba, ndipo ambiri amangobwera kudzalandira uphungu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Alangizi amene ndinakumana nawo anandifunsa za moyo wanga ndisanakwane zaka 18. Kodi ndinkamenyedwa? Kutukwanidwa ndi kunyozedwa? Alipo anandigwiragwira mosayenera? Ndinkasowa chakudya kapena wondisamala ndikadwala? Ndinkaona mayi wa m'nyumba akumenyedwa? Munali womwa mowa mwauchidakwa, wodwala maganizo, kapena amene anamangidwapo? Makolo analekana? Ndinkayankha ndikuchepetsa chilichonse, kuti "zinali zapang'ono," kuti "ena anaona zoposa." Iwo anangondiuza kuti sakufunsa za ena.

Mafunso amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo nditabwerera kunyumba ndinakawerenga ndekha pafoni. Kuyambira 1995 mpaka 1997, mumzinda wa San Diego ku America, madokotala awiri, Vincent Felitti wa chipatala cha Kaiser Permanente ndi Robert Anda wa CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 za zowawa zimene anakumana nazo ali ana, n'kuyerekeza mayankhowo ndi thanzi lawo. Kafukufukuyu amadziwika ndi dzina lachidule lakuti ACE, loimira mawu achingerezi otanthauza zowawa za paubwana. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthuwo sanali amphawi. Anali ophunzira, apantchito. Komabe pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali atakumana ndi chowawa cha mtundu umodzi kapena kuposa, ndipo mmodzi mwa 8 anali atakumana ndi mitundu inayi kapena kuposa. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998, ndipo zinaonetsa kuti zowawa zikamachuluka, mavuto a ukulu nawonso amachuluka. Kwa amene anali ndi mitundu inayi kupita m'mwamba, mpata wa uchidakwa, mankhwala osokoneza bongo, kukhumudwa ndi kuyesa kudzipha unali wokwera kuyambira ka 4 mpaka ka 12 poyerekeza ndi amene analibe. Matenda a mtima, a chiwindi ndi a m'mapapo nawonso anali ochuluka pakati pawo.

Wina anganene kuti zimenezo n'za azungu. Ayi ndithu. Mu 2013 kuno ku Malawi kunachitika kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana, motsogozedwa ndi unduna woona za amayi ndi ana mothandizana ndi UNICEF ndi CDC, ndipo anafunsa achinyamata a zaka 13 mpaka 24. Anapeza kuti awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza ali ana. Mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa 7 anachitiridwa nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, ndipo pafupifupi anyamata awiri mwa atatu anamenyedwapo mwankhanza. Mukakwera minibasi yopita ku Luwinga, muwerenge anthu amene mwakhala nawo ndi manambala amenewa m'mutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakonza mafunso ake owonjezera, oika m'kati imfa ya kholo, kuzunzidwa ndi ana anzako ndi ziwawa za m'dera. Ine ndikanafunsidwa ndikanaonjezapo njala, kusamutsidwasamutsidwa pakati pa achibale, ndi kusandutsidwa wantchito m'nyumba ya wachibale wako, chifukwa zimenezi ndizo ana amasiye ambiri a kuno anakula nazo.

Nanga zimafika bwanji pa khalidwe? Mmene ndinamvera ndi motere. Munthu akaona choopsa, kachigawo ka mu ubongo kotchedwa amygdala kamachenjeza thupi, ndipo thupi limatulutsa mahomoni monga adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imauma, maso ndi makutu zimatseguka. Zimenezi n'zabwino ukakumana ndi njoka, chifukwa njoka ikapita thupi limabwerera mwakale. Koma mwana amene choopsa chake chimagona m'nyumba momwemo, ndipo palibe wamkulu womukhazika mtima pansi, thupi lake silipeza nthawi yobwerera. Ubongo wake umakula ukuzolowera kuti dziko ndi loopsa, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo, yothandiza kudziletsa ndi kuganiza usanachite, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ife atelala timadziwa kuti ulusi ukamangika kwambiri pamakina, nsalu iliyonse imene ungaike, kaya ya mtengo wapatali, msoko umakwinyika ndipo ulusi umadukaduka. Vuto silikhala nsalu. Umu ndi mmene ndinalili: mwamuna wabwino, ana abwino, ntchito yabwino, koma zonse zinkadutsa m'thupi lomangika kuyambira ubwana.

Akatswiri a zamaganizo amakonda kuyeza chikhalidwe cha munthu m'mbali zisanu: kutekeseka msanga ndi nkhawa, kukonda kukhala pagulu, kugwirizanika ndi kukhulupirira anthu, kusunga dongosolo ndi kudziletsa, ndi kukonda zatsopano. Chimene ofufuza amachipeza mobwerezabwereza n'chakuti anthu amene anazunzika ali ana amakhala okwera pa mbali yoyambayo: nkhawa, kukwiya msanga, kukhumudwa msanga, kuchedwa kukhazikika mtima. Kawirikawiri amapezanso kuti kukhulupirira anthu ndi kudziletsa kumatsikirapo, ngakhale kuti apa kugwirizanako si kwamphamvu ngati poyamba paja. Nditamva zimenezi ndinati, awa ndi achimwene, si ine. Ine ndimagwirizana ndi aliyense ndipo dongosolo langa ndi loposa muyeso. Alangizi aja anandifotokozera kuti mwana woopsezedwa ali ndi njira zochepa: kumenya, kuthawa, kuuma ngati wafa, kapena kusangalatsa womuopsezayo kuti asamupweteke. Achimwene anamenya n'kuthawa. Ine ndinauma n'kusangalatsa. Pansi pake nkhawa inali imodzimodzi.

Ngati mukudzifunsa kuti kufatsa kwanu n'kwenikweni kapena n'kwa mantha, muyeso umene unandithandiza ndi uwu. Munthu wokoma mtima mwachibadwa akathandiza mnzake amagona tulo, ndipo tsiku limene sangathe amanena kuti sangathe, n'kugonanso tulo. Ine ndikathandiza ndinkagona ndikuwerenga amene mwina ndamukhumudwitsa, ndipo kukana kunalibe n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna kuti muzimve mokhota. Choyamba, amene amati mwana anatengera sanama kotheratu. Kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti pafupifupi magawo 40 mpaka 50 pa 100 a kusiyana kwa zikhalidwe zathu amachokera kumtundu. Achimwene anali wamagazi otentha mayi akadali moyo, ine ndinali wamanyazi kuyambira kale. Nyumba ya azakhali inangotenga zimene tinabadwa nazo n'kuzikoka mpaka kumapeto. Chachiwiri, manambala aja amanena za gulu la anthu, sanena za tsogolo la munthu mmodzi. Alipo ambiri amene anaona zoopsa kuposa zanga ndipo ali bwinobwino. Musatenge mafunso aja n'kuyamba kuweruza nawo mkazi wanu kapena mwana amene mukulera kuti uyu ndi woonongeka. Ndipo mwamuna womenya mkazi asabisale kumbuyo kwa ubwana wake. Kumvetsa kumene ukali unachokera sikuchotsa udindo wa dzanja limene lamenya.

Chifukwa chiyani ena amapulumuka? Mayi wina wofufuza, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa amene anabadwira m'mavuto aakulu, monga umphawi, makolo omwa mowa ndi mabanja osokonekera, pafupifupi mmodzi mwa atatu anakula n'kukhala munthu wokhazikika, wosamala ena. Chimodzi mwa zimene ambiri a iwo anali nacho ndi munthu wamkulu mmodzi wowakonda mosasinthasintha, kaya agogo, mphunzitsi kapena neba. Nditawerenga zimenezi ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro a bambo, chifukwa ndinakumbukira wanga. Anali mayi wina wachitumbuka, wamasiye, woyandikana nafe, amene anali ndi makina a Singer opalasa ndi phazi pakhonde pake. Sanapiteko kukakangana ndi amalume, ndipo sanandifunsepo mafunso ambiri. Ankangondiitana kuti "mwana wane," n'kundipatsa tiyi ndi chigumu, n'kundiuza kuti ndimulowetsere ulusi m'singano poti maso ake anali atafooka. Ndikalakwitsa msoko ankaseka n'kunena kuti timasula. Pakhonde limenelo ndi pamene ndinaona koyamba kuti munthu angathe kulakwitsa osamenyedwa, ndipo ntchito imene ikudyetsa ana anga lero inayambira pamenepo. Achimwene analibe khonde lotero. Anyamata ovuta palibe amene amawaitanira tiyi.

Kusintha kwanga sikunabwere ndi tsiku limodzi, ndipo sikunathe. Koma nditchule zimene zinagwira ntchito, mwina wina zimuthandiza. Ndinayamba ndi thupi, chifukwa mantha anga amafika m'thupi maganizo asanadziwe. Mtima ukayamba kuthamanga ndimaponda pansi ndi mapazi onse awiri, n'kukoka mpweya pang'onopang'ono, n'kuutulutsa motalikitsa kuposa mmene ndaukokera, uku ndikutchula mumtima zimene ndikuona: makina, sizasi, tepi, zenera. Zimaoneka zachibwana, koma zimakumbutsa thupi kuti lili mushopu, si ku Chiputula. Poti kunena ayi kunali kolemera, ndinayamba ndi mawu apakati: "Ndione kaye ntchito imene ndili nayo, ndikuyankhani mawa." Usiku umodzi umenewo umandipatsa mpata woganiza popanda nkhope ya munthu patsogolo panga. Ndinalemba pakhoma la shopu kuti dipoziti ndi theka ntchito isanayambe, kuti chikwangwani chizinena zimene pakamwa panga pamalephera. Makasitomala ena anakwiya n'kupita kwina. Tsiku limenelo ndinanjenjemera mpaka madzulo, koma palibe chimene chinandichitikira, ndipo thupi limaphunzira ndi zoterezi, osati ndi malangizo.

Ndinawauzanso bambo a ana nkhani yonse, zimene ndinali ndisanawauzepo chikwatiranireni. Tinagwirizana kanthu kakang'ono: akabwera otopa azinena ndi pakamwa kuti "ndatopa, si iwe ayi." Nanenso ndimatero kwa mwana wanga. Akandifunsa ngati ndakwiya ndimamuuza zoona, kuti ndikuganiza za ndalama ndipo si nkhani yake, kapena kuti inde ndakwiya chifukwa cha chakuti, koma zitha. Funso lija anachepetsa kufunsa. Masiku ano amatha kundiyankha kuti sakufuna, ndipo ngakhale zimandilasa, mumtima ndimathokoza.

Pemphero linandithandiza, ndipo sindingalisiye. Koma ndili ndi dandaulo ndi mmene timathamangitsira anthu kukhululuka. Munthu asanamalize n'komwe kufotokoza zimene anamuchita, tamuuza kale kuti aiwale, ndi zakale, anakulera ndi omwewo. Kwa mwana amene anakula akumeza mawu, uphungu wotere umangomubwezera pakona paja. Ine ndinayamba ndavomera kuti zimene zinachitika zinali nkhanza, ndinakwiya, ndipo kukhululuka kunabwera pambuyo pake, pang'onopang'ono. Amalume anamwalira. Azakhali ndi okalamba tsopano. Ndimawatumizira sopo ndi shuga, ndimakawaona masana, koma kugona m'nyumba imene ija sindigona, ndipo ndinasiya kudziimba mlandu pa zimenezo.

Ndimamvanso anthu akunena kuti "ife tinamenyedwa koma tinakula bwino," ena n'kuonjeza kuti kuongola mtengo n'kuli waung'ono. Nanenso ndikanatha kunena choncho, ndipo aliyense akanavomera pondiyang'ana. Funsani amene amagona nafe chipinda chimodzi kuti tinakula bwanji. Kulanga mwana kuti adziwe malire ndi china, kumukhalitsa mwamantha osadziwa chimene chimugwere madzulo ndi chinanso, ndipo mwana amadziwa kusiyana kwake ngakhale wamkulu atakana.

Kwa inu amene mukulera mwana wa m'bale wanu, ndikudziwa kuti n'zolemera, makamaka mmene zinthu zakwerera mitengo. Sindikupemphani ndalama. Adye nthawi imodzi ndi ana anu, m'mbale zofanana. Ntchito zigawidwe kwa onse. Muloleni atchule mayi ake ndi kuwalira. Ndipo kwa inu aneba, paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe: ngati mukumva kulira kuseri kwa mpanda usiku ndi usiku, pali nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene mwana kapena wamkulu angaimbe. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ku boma kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili kumbali ya mwanayo. Ngati ndinu wamkulu ndipo maganizo ofuna kudzipha akukubwererani, musadikire Lolemba. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital, ku St John of God kapena chipatala chilichonse chapafupi.

Achimwene tsopano amapalasa kabaza ndipo amakhala ku Mchengautuwa ndi mkazi ndi ana atatu. Agonapo m'chitokosi chifukwa cha ndewu, ndipo achibale ena amati analodzedwa. Kwa zaka zambiri nanenso ndinkawaopa ndi kuwachitira manyazi. Nditayamba kulandira uphungu ndinawaitana kushopu madzulo ena, nditatseka, n'kuwafunsa ngati amakumbukira za njinga ija. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Chemwali, iwe unkaona ngati ndinkawayankha amalume chifukwa cha mwano? Ndinkaona akuyang'ana kumene wakhala iwe. Ndikawatukwana ankatembenukira kwa ine." Zimenezi sindinkazidziwa. Moyo wanga wonse ndinkakhulupirira kuti ndinapulumuka zikwapu zambiri chifukwa cha kumvera kwanga, pomwe wina ankazilandira m'malo mwanga, ndipo dzina la mwana wosamva analitenga ndi iyeyo.

Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kwa alangizi. Anakana, akuti mwamuna sangakakhale pampando kumafotokozera mlendo za misozi. Sindinawakakamize, koma sindinasiye kuwakumbutsa, ndipo ndinawauza kuti amuna amapitako ambiri, makamaka a nkhani ya mowa. Zimene tagwirizana pakadali pano ndi izi: Loweruka, tsiku limene amamwa kwambiri, ana awo amabwera kudzagona kwathu, ndipo wamkulu ndayamba kumuphunzitsa kudula nsalu. Alamu anga ndinawauza pamaso pa achimwene pomwe kuti tsiku limene dzanja lidzakwezedwe m'nyumba mwawo, ndidzawaperekeza ndine ku Victim Support. Achimwene anamva, ndipo sanatsutse.